Zikhomo Ziwiri za Mfuti Imene Sindinagule

Limbikani, tsika pampandopo. Paipi imeneyo isiye pomwe waipeza. Ndakumva dzulo ukunong'oneza msuweni wako Tadala kuti ukufuna uidule umangirepo kasola kako kotchajira foni. Mumandiyesa gonthi ndikakhala chete, koma makutu anga akadali amoyo. Bwerani nonse mukhale pakhonde pano. Tadala, bwera nalo lichero la mtedzalo tiziswa uku tikucheza, pakamwa pokha sipadzaza nkhokwe.

Zikhomo ziwiri zili pamwamba pa chitsekozo sindinakhomere paipi ayi. Ndinakhomera mfuti. Ndinazisema ndekha ndi mtengo wa muwanga, n'kuziyeza bwinobwino ndi mkono, mfutiyo ndisanaigule, ngakhale kuiona kumene. Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ine mlimi wa fodya ndinkaudziwa bwino mwambi umenewu, koma zikhomo ndinakhomabe.

Mudzi uno wa kwa Lukwa si kwathu, mukudziwa. Ine ndinabwera ngati mkamwini, nditanyamula khasu, bulangete limodzi ndi njinga yopanda mabuleki. Munda uja wa kumalire a paki ya nyama zakutchire ndi wa agogo anu aakazi, malemu a Nabanda, anawasiyira amayi awo. Ine changa m'mundamo chinali thukuta basi. Nthaka yake inali itatopa, chifukwa fodya amayamwa nthaka mopanda chisoni, ndipo chimanga chinkangofika m'chiuno n'kuyamba kufiira masamba. Inu mumaona ngati feteleza anabadwira limodzi ndi dziko. Ife tinadutsa zaka zoti Khirisimasi ikamafika nkhokwe ili mbee, ana akugonera maungu osakhwima.

Kenako kunabwera makuponi. Kapepala kakang'ono, kena ka feteleza wokulitsa, kena ka wobereketsa, ukapita nato kumsika n'kuwonjezerapo kandalama kochepa ubwerako ndi matumba panjinga. Chaka choyamba chimenecho chimanga chathu chinada bii, chinanditalikira ine ndemwe. A Nabanda ankalowa m'munda n'kumachilankhula ngati mwana. Tinati njala tatsanzikana nayo, osadziwa kuti kuseri kwa malire kuli anzathu ena amene akuyembekezeranso zokolola zomwezo.

Waya wamagetsi wotchinga paki amene mukumuona leroyu kunalibe. Chimanga chitangofika pa mondokwa, anyani anatuluka m'paki, mtundu wonse, ndi ana kumsana. Nyani akanakhala kuti amadya n'kukhuta n'kumapita, bwenzi tikugwirizana. Koma iye amathyola ichi, kuluma kamodzi, kutaya, kuthyola china, kupana m'khwapa, kuona chinanso, cha m'khwapa chija n'kugwa. Pofika masana mzere wonse wagona pansi. Ine nthawi imeneyo ndimakhala ndili ku fodya, kuthyola ndi kusoka, ndiye amene ankakhala pachilindo, kansanja kaja kolonderapo mbewu, anali agogo anu. Tsono nyani saopa chitenje. Mwamuna akamuona patali amathawa, koma mayi akakuwa amangomuyang'ana, kudzikanda m'nthiti, n'kupitiriza kudya. Chaka chimenecho theka la munda linapita. Ndinawapeza a Nabanda tsiku lina atakhala pakati pa mapesi othyoka, mawu atawathera chifukwa chokuwa, ndipo mtima unandipweteka kwambiri.

Anyaniwo anali ndi mkulu wawo. Iye m'munda sankalowa msanga, ankakhala pamwamba pa chimwala chija mumakatolako masuku, kuyang'anira anzake. Akaona mwamuna akubwera amangoti hoo! kamodzi, onse balala. Anthu odziwa za m'tchire ankati ukagwetsa ameneyo gulu lonse limasokonekera, limatha nyengo yaitali osabweranso. A Nabanda ndiwo ankandilozera. "Uyo wakhala apoyo, bambo a Tiyanjane, mwamuona?" Ine ndinkati eya ndamuona. Kunena zoona, dzuwa linkandithobwa m'maso masiku amenewo, koma ndinkati ndi utsi wa m'mabalani oumitsira fodya a pa esiteti mmene ndinkasonkha moto ndili mnyamata, udzatha wokha.

Tinaitanapo munthu wina wa mudzi wa kutsidya amene anali ndi chifefe, mfuti ija imamwaza timachaka tambirimbiri nthawi imodzi. Anawombera kuchokera m'mphepete mwa munda, phokoso lake mpaka agalu a m'mudzi anabisala. Timachakato tinathera m'njira. A Nabanda anati nyani wamkulu uja anangoyasamula. Nyani amaudziwa mtunda umene mfuti imafika, ndipo amakhala kutsogolo pang'ono kwa pamenepo, ngati anachita kuyeza ndi chingwe. Kuyambira tsiku limenelo mutu wanga unadzaza ndi chinthu chimodzi, mfuti yofika patali.

Iwe Limbikani unandionetsa tsiku lija pafoni mfuti zokhala ndi galasi pamwamba, zoti chinthu cha kutali chimabwera pamphuno. Ife za galasi tinkangozimva. Munthu wa m'thumba mochepa ngati ine anali ndi njira zitatu basi. Yoyamba inali gogodela, yosula kumudzi konkuno, yothira onga kukamwa n'kutsinira ndi kachitsulo. Mtengo wake mbuzi imodzi, koma chiphaso ilibe, ukapezeka nayo ndi ndende, ndiponso siisankha kolowera moto. Mumawakumbukira a Kamtedza aja ankapereka moni ndi dzanja lamanzere? Lamanja linadyedwa ndi gogodela yawo yomwe. Yachiwiri ndi chifefe chija, chabwino pa nkhanga ndi nguluwe yoti yakuyandikira, koma pa chimwala tinaona kale manyazi ake. Yachitatu ndiyo laifolo, yotumiza chipolopolo chimodzi chokha koma chopita kutali mowongoka. Yatsopano sindikanailota n'komwe. Ndinafunsafunsa mpaka ndinamva za a Mwale, kapitawo wakale wa pa esiteti amene ankakhala cha kwa Mwase. Anali ndi laifolo yakale ya mapepala ake onse, ndipo ankaigulitsa chifukwa manja anali atayamba kuwanjenjemera. Zosintha dzina kupolisi anati tidzayendera limodzi.

Vuto linali thumba. Chaka chimenecho fodya ku okushoni anagulidwa ngati masamba a maungu, ndipo zimene ndinasunga sizinafike pa mtengo wa a Mwale. Kotsalako kanali kofanana ndi zimene mavenda ankapereka ukawagulitsa makuponi. Zinali zoletsedwa, koma anthu ankachita, mavendawo ankachita kukutsata mpaka pakhomo. Ndiye mwezi wa Novembala, makuponi a chaka chachiwiri atangotuluka, ndinayamba kuwazungulira agogo anu. Makuponiwo analembedwa m'dzina lawo, poti mudzi ndi wawo, ndipo ankawasunga m'buku la nyimbo za kutchalitchi.

Ndinawayamba akupeta mphale. "Mayi a Tiyanjane, chaka chino tithire manyowa. Makuponiwa tigulitse, tiwonjezere pa ndalama ya fodya ija, tigule mfuti. Tikagwetsa nyani wamkulu uja tapuma zaka zambiri."

Sanasiye kupeta. "Ndiye mfuti yanuyo idzalondera chiyani? Mapesi?"

"Nanga chaka chatha feteleza tinathirira ndani? Si anyani?"

"Theka tinadya ife. Mukagulitsa makuponi ngakhale thekalo kulibe. Ana awa mudzawaphikira chipolopolo?"

Anawo anali amayi ako iwe Tadala, ndi bambo ako iwe Limbikani, nthawi imeneyo ali kusukulu. Ndinkadziwa kuti akunena zoona, chakudya cha chaka chonse chinali m'timapepala tiwiri timeneto. Koma nanenso ndinali ndi zoona zanga, sindinkafuna kudzawaonanso atakhala pakati pa mapesi othyoka. Tinakhala masiku angapo nkhani yake ili yomweyo. Tsiku lina m'mawa anangoti, "Chabwino. Koma ndipita nawo, ndipo makuponi ndinyamula ndine. A Mwale akakuikireni chinthu patali ngati pa chimwala paja. Mukachilasa, ndikupatsani pomwepo, sindidzatchulanso."

Ndinasangalala, komanso ndinadabwa, chifukwa nkhani za mfuti sizinali za amayi. Mwambo wake unali wakuti mkazi sagwira mfuti kapena kuidumpha, akatero imazizira, siilasanso kanthu mpaka aitsuke ndi mankhwala. Musaseke, Tadala. Tonse tinali anthu opemphera, Lamulungu lililonse kutchalitchi, koma pa zimenezi panalibe wotsutsa. Ndinawachenjeza kuti akakafika akakhale patali, iwo anati amva.

Tinanyamuka panjinga, iwo pakaliyala. Masiku amenewo kunalibe zinjinga zamoto zimene zadzaza msewu lerozi, ulendo wa kwa Mwase unali wa thukuta, mchenga mpaka m'mano. Njira yonse agogo anu sanatseke pakamwa. "Dzenje ilo." Tikayenda pang'ono, "Mbuzi izo." Kenako, "Chitsa icho, khoterani kumanja." Ine ndinapsa mtima. Ndinati, "Kodi njingayi ndayamba kupalasa lero?" Anangoti, "Pepani," koma patsogolo pang'ono anayambiranso.

A Mwale anatilandira bwino, anatipatsa thobwa. Anali munthu wamtali, wolankhula pang'onopang'ono, ndipo ataona kuti ndabwera ndi mayi anandiyang'ana kawiri. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mfuti yokulunga m'bulangete. Atafunyulula, fungo la mafuta ake linandilowa mpaka mumtima. Thabwa lake linali lokalikakalika, penapake lomangidwa ndi waya, ndipo ine nkhope inagwa pang'ono.

"Musayang'ane thabwa, a Phiri," anatero a Mwale. "Munthu wa ndalama zochepa sagula kukongola. Thabwa mukhoza kusema lina. Mfuti ndi m'mimba mwakemu." Anachotsa chitsulo chakumbuyo, n'kuloza mpope wake kumwamba kuti ndisuzumire. "Mukuiona mizere yopotanayo? Ikakhala yakuthwa choncho, yopanda dzimbiri, ndiye kuti chipolopolo chipita kumene mwachituma. Ikafafanizika, ngakhale akupatseni ulere, isiyeni. Chachiwiri, funsani ngati zipolopolo zake zimapezeka, chifukwa mfuti yopanda chipolopolo ndi chibonga." Ine ndinasuzumira, ndinaona kuwala kokhakokha, koma ndinagwedeza mutu ngati katswiri.

Tinapita kuseri kwa mudzi, kumene munda wawo umatsikira kudambo. A Mwale anatenga thumba loyera la feteleza lopanda kanthu, anayenda nalo mtunda wofanana ndi wa pachimwala paja, n'kukalipachika pachulu chachikulu kuti chipolopolo chikathere m'dothi. Atabwerera anandigwaditsa pafupi ndi ngolo yawo, mfuti n'kuitsamiritsa pa thayala. Anandiphunzitsa kukanikiza thako la mfuti paphewa, kulunjikitsa kampata kakumbuyo ndi kachitsulo ka kumphuno, kugwira mpweya, ndi kukhethemula mofatsa osati mokoka. A Nabanda anaima kumbuyo kwathu pansi pa mtengo wa mango, buku la nyimbo lili m'manja.

"Ndi ilo thumba loyera pachulupo," anatero a Mwale. Anaika dzanja pachipumi n'kumayang'ana komweko, kudikira kuti aone fumbi.

Dzuwa la Novembala mukulidziwa, dambo lonse linkachita kuvina. Ine ndinaona zinthu ziwiri zakuda zotumphuka, china kumanja china kumanzere. Cha kumanzere chinali ndi kanthu koyera pamwamba, kowala bwino. Ndinati m'mtima, thumba ndi limenelo. Ndinalunjika bwinobwino monga anandiphunzitsira, ndinagwira mpweya, chala chinayamba kukanikiza.

Sindinamve mapazi awo. Ndinangoona dzanja latulukira pambali panga, lagwira mpope wa mfuti n'kuukankhira kumwamba. Mfuti inalira, phewa langa linachita dzanzi, chipolopolo chinapita kumitambo.

"Mayi! Mwagwira mfuti!" anakuwa a Mwale, maso ali psuu.

Agogo anu anangoloza ndi chala. Kanthu koyera kaja kanatambasula mapiko n'kuuluka. Ndipo chulu changa chija, ana inu, chinadzuka, chinaimika mchira, n'kuyamba kuthawa chikulira. Inali ng'ombe ya a Mwale yokoka ngolo, inagona pansi ikubzikula, kakowa atatera pamsana pake. Thumba linali phee pachulu cha kumanja, kutali ndi kumene ine ndinalozetsa.

Sekani, sekani, nanenso lero ndimaseka. Koma tsiku limenelo panalibe anaseka. A Mwale anakhala pansi pafumbi pomwepo. "Ng'ombe yanga ya pangolo," ankangobwereza choncho. Ndikanaigwetsa, makuponi ndi ndalama ya fodya ndi njinga yomwe sizikanakwana kulipira.

A Nabanda anagwada pambali panga, ndipo analankhula motsitsa kuti a Mwale asamve zonse. "Bambo a Tiyanjane, nyani uja wa pachimwala munayamba mwamuonapo ndi maso anu?"

Ndinapukusa mutu.

"Ndinadziwa kalekale," anatero. "Mumathira madzi pambali pa kapu. Mumapereka moni kwa anthu osawatchula dzina mpaka atalankhula. Ndikanakuuzani kunyumba mukanakana, mukanati mkazi akukunyozani. Ndinati mubwere mudzaone nokha."

Manyazi ndinachita, mkwiyo unabweranso pang'ono, koma chimene chinandigwira kwambiri chinali mantha. Kwa nthawi yaitali ndinkadzinamiza kuti ndi utsi, ndi dzuwa, ndi fumbi. Pamenepo ndinadziwa kuti ndikuchita khungu, ndipo ndinaganiza za mkamwini wakhungu m'mudzi wa eni, wosatha kusankha fodya, wongodikira kumugwira dzanja. Misozi inalengeza, ine bambo wa ana, pamaso pa mwamuna mnzanga.

A Mwale atapezako mphamvu anadzuka, anatenga mfuti yawo n'kuikulunganso m'bulangete. "A Phiri, ngakhale mutabwera ndi ngolo yodzaza ndalama, sindikugulitsani. Mfuti imafika patali, inde, koma imafika kumene diso lafika kale." Agogo anu anapepesa kuti aiziziritsa mfuti. A Mwale anapukusa mutu. "Bola izizire, mayi. Mankhwala otsukira mfuti ndikawapeza, koma ng'ombe ina ndikanaitenga kuti?"

Pobwerera tinayenda mtunda wautali. Kenako ndinamva kumbuyo kwanga, motsitsa, "Dzenje ilo." Ndinakhota, ndipo ndinati, "Zikomo."

Makuponi aja anagula feteleza, tinathira, chimanga chinadanso bii. Anyani nawo sanaiwale njira. Apa ndi pamene paipi ija inalowera. Agogo anu anakaitola kumjigo wakale umene unawonongeka, anamangirira kathabwa kumapeto kwake ndi mphira, inaoneka ngati laifolo ya a Mwale. Kenako anatenga buluku langa, chijasi changa cha pa esiteti ndi chipewa, n'kuvala. Tsiku loyamba ndinawapeza atatero ndinatsala pang'ono kuwapatsa moni wa alendo. Anakwera pachilindo, anaika paipi paphewa n'kuilozetsa kuchimwala. Nyani wamkulu anangoti hoo! gulu lonse n'kubwerera m'paki. Amayi anzawo a kutchalitchi anawanena mpaka pakamwa kuuma, mkazi wamkulu kuvala buluku, koma iwo ankangoti, "Mudzabwera kudzapempha mphale kwa wa bulukuyu."

Nyani si wopusa, patapita milungu anazindikira kuti mfuti imeneyi siilira. Koma pofika nthawi imeneyo fodya ndinali nditamaliza kuthyola, ndiye tinagawana ntchito. Iwo pamwamba pa chilindo ndi maso awo, ine pansi ndi agalu, legeni ndi chitini chogogoda. Akangoti, "Alowera ku mtengo wa msuku!" ine liwiro komweko. Anyani anadyako ndithu, sindinganame, koma nkhokwe inadzaza, ndipo tinadya mpaka kukolola kwina. Bambo ako iwe Limbikani sanagone ndi njala chaka chimenecho, n'chifukwa chake anakula ndi mimba imene ali nayoyo.

Ndalama ya fodya imene ndinasungira mfuti inatipititsa kuchipatala cha mishoni. Anati ndi ng'ala, maso onse awiri, ndipo anachotsa limodzi kenako linalo. Tsiku limene anamasula bandeji, chinthu choyamba kuchiona chinali mutu wa agogo anu atandiweramira. Ndinati, "Imvi zonsezi zabwera liti?" Iwo anati, "Zabwera ndi anyani anu aja." Titafika kuno ndinapita kumunda ndekha, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamuona mdani wanga pachimwala. Ndinkamuyesa chinyama choopsa. Anali nkhalamba yotuwa, yothothoka ubweya paphewa, itakhala mwakachetechete kuyang'anira ana ake akudya. Tinayang'anana kanthawi, ine ndi iye.

A Mwale atamva kuti ndikuona anatumiza uthenga kuti mfuti ikadalipo, anaitsuka kale, ndikhoza kubwera. Ndinaganizira ndithu, chifukwa chilakolako cha mfuti sichitha msanga mwa mwamuna. Ndinalowa m'nyumba muno kuti ndiyang'ane zikhomo zanga, ndipo ndinapeza paipi ili pamenepo. Agogo anu anali ataipachika okha. "Zikhomo zabwinobwino zisamangokhala chabe," anatero, osandiyang'ana n'komwe. Kwa a Mwale sindinapitenso.

Ndiye iwe Limbikani, ukadzakula n'kufuna mfuti yako yoyamba, ya galasi kapena yopanda galasi, zimene ananena a Mwale uzisunge, usagule thabwa, usuzumire m'mimba mwake. Koma usadzapite wekha kokaiyesa. Ine maso anga lero ndi akuthwa kuposa anu, ndikakhala pano ndimaona mpaka mbuzi za kutsidya kwa dambo, ndimaona ndi mtanda wa pamanda a agogo anu pakati pa mitengo ija. Koma chiwaikireni m'manda, ndikakwera njinga kupita kumsika ndimapezeka ndatchera khutu kumbuyo, kudikira kuti wina anene kuti dzenje ilo. Dzenjelo ndimaliona ndekha, ndimalipewa bwinobwino, koma pakaliyala pamakhala pali zii.

Bwezera mpandowo m'nyumba, mwana wanga. Kasola kako tikapezera nsungwi mawa. Paipiyo isiye pomwepo.